Njinga yamoto yolira lero mawa n'kukana: poyambira kufufuza

Malangizo awa ndi a njinga za 125 ndi 150cc monga Boxer ndi TVS HLX zomwe zadzaza ku Chipata, Katete ndi Petauke. Zoti muone petulo mu tanki, kiyi ndi ka switchi kofiira ka pa handulo mukuzidziwa kale, apo tidutse.

Chovuta ndi njinga ija imalira bwinobwino kenako m'mawa wina yakana, mukaikankha mpaka kwa makanika yalira ngati palibe chilichonse. Musagule kanthu kaye. Yambani mwadziwa kuti imakana nthawi yanji, kaya m'mawa kukazizira, kaya injini ikatentha, olo mvula ikagwa kapena mukaitsuka, chifukwa apa ndiye pagona nkhani.

Buku la malangizo a njinga likuti dinani batani la sitata kwa masekondi osapitirira 5, ikakana dikirani masekondi 10 musanayesenso. Mukadina mvetserani. Ngati kuli zii, onani fyuzi, ikani pa nyutulo, gwirani kilachi, kwezani sitandi ya m'mbali, pakuti njinga zina zili ndi timaswitchi pamenepa tomwe tikalowa matope timagwira tsiku lina, tsiku lina ayi. Mukamva kuti tcha tcha koma injini osazungulira, chikulira ndi solenoid, kabokosi kakang'ono pafupi ndi batire kamene kamatsegulira magetsi kupita ku sitata, ndipo kakukuuzani kuti mphamvu ikufika yochepa.

Apa musathamangire batire yatsopano. Gwedezani mawaya a pa batire ndi chala, misewu yathu ya fumbi ndi mabampu imamasula timabawuti pang'onopang'ono, ndipo mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamitu masulani, muyambire waya wakuda, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, mangani mwamphamvu, wakuda ukhale womaliza. Tsatiraninso waya wakudawo mpaka pomwe wamangidwa ku chitsulo cha njinga, malo amenewa anthu ambiri sayang'anako koma dzimbiri limakonda pomwepo. Ngati muli ndi mita yoyezera magetsi, batire yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6V injini itazima, isatsike pansi pa 10V mukamadina sitata, ndipo injini ikamalira mutakoka mafuta pang'ono ifike pakati pa 13.5 ndi 14.5V. Ikapanda kukwera ndiye kuti njinga sikuchaja, batire yatsopano idzathanso chimodzimodzi.

Yesaninso kiki. Ikalira ndi kiki mosavuta, vuto lili ku mbali ya sitata basi, kabureta musaigwire.

Ikamazungulira koma osalira, chotsani pulagi, ibwezereni mu kapu yake, igundeni ku chitsulo cha injini n'kumenya kiki. Moto wake ukhale wabuluu. Gwirani pa labala chabe, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi, chonde. Kapu yong'ambika ndi yomwe imavutitsa nthawi ya mvula. Koma ngati njinga imakana ikatentha n'kulira ikazizira, yezani motowo nthawi yomweyo yakanayo, osadikira, chifukwa koyilo kapena CDI (zida zomwe zimatumiza moto ku pulagi) yomwe yayamba kufa imaoneka yabwino ikazizira. Moto ukakhalapo, uzani makanika aone mavalavu ngati athina.

Izi bukuli silinanene koma ndaziona: petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi madzi, ndipo madzi amakhala pansi. Tsekani mpopi wa petulo, masulani kasikuluwu ka pansi pa kabureta, khetserani mu botolo loonekera, mudzaona madziwo atapatukana. Kabowo ka mpweya ka pa chivindikiro cha tanki nako kakatsekeka ndi fumbi njinga imazima pamsewu, mukatsegula chivindikiro n'kuliranso.

Fyuzi ikapsa musamangepo waya kapena pepala la siliva, mudzaotcha mawaya onse. Ikani ya nambala yomweyo, ndipo ikapsanso pali waya wosupuka womwe ukugunda chitsulo, yambani kuufuna pa khosi pomwe mawaya amapindika mukamakhota.