Mmene mungawerengere mndandanda wa bodi ya bungwe lolimbana ndi kuzembetsa anthu

Pafupifupi bungwe lililonse lolimbana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu lili ndi tsamba pa webusayiti pomwe amaika zithunzi za mamembala a bodi, aliyense ali mu jekete, pansi pake kambiri kake: uyu ndi loya wopuma, uyu anali ku banki, uyu ndi m'busa, uyu ndi pulofesa. Ambirife timangodutsa ndi maso n'kuti aaa, akuluakulu okhaokha awa, ndalama yanga ili m'manja abwino. Koma kaya mukufuna kupereka thandizo, kaya akupemphani kuti mulowe mu bodi, kaya ndinu mwayambitsa bungwe ndipo mukusaka anthu, zofunika kuona ndi ziwiri basi. Ntchito zimene anthuwa anagwirapo zikugwirizana ndi mmene kuzembetsa anthu kumachitikiradi? Nanga alipo pakati pawo amene angamuyang'ane mkulu wa bungwe m'maso n'kumuuza kuti ayi?

Musanayang'ane dzina la munthu aliyense, yambani mwadziwa kuti bungwelo limachita chani kwenikweni, poti mabungwewa samafanana. Lina lili ndi nyumba yosungira opulumuka, lina limatengera milandu kukhoti, lina limangophunzitsa anthu, lina limakakamiza maboma ndi makampani kusintha malamulo. Ndipo nthawi zambiri mumaona kuti njira ya bungwe imatsata ntchito ya amene analiyambitsa. International Justice Mission inayambitsidwa mu 1997 ndi Gary Haugen, loya yemwe anagwirapo ku unduna wa zachilungamo ku America, nde n'zosadabwitsa kuti ntchito yawo yagona pa apolisi ndi makhoti. Anti-Slavery International, yomwe mizu yake ndi ya 1839 ku London, imadziwika kwambiri ndi kafukufuku ndi kumenyera kusintha kwa malamulo. Bodi yoyenera bungwe loyambalo siingakhale chimodzimodzi ndi ya lachiwirilo. Lembani pa pepala ntchito zitatu kapena zinayi zazikulu za bungwelo, kenako pa ntchito iliyonse mulembe dzina la membala amene anaigwirapo ndi manja ake. Pomwe patsale popanda dzina ndi pomwe pali nkhani.

Kenako loya. Bodi iliyonse ili ndi loya, koma loya wa chani? Wa zamakampani amathandiza pa ma kontilakiti ndi kulembetsa bungwe, zabwino, koma mtsikana amene wagwidwa alibe mapepala m'dziko la eni, pasipoti yake ili m'manja mwa bwana amene amamugwiritsa ntchito, akufunika munthu wodziwa malamulo olowa ndi kutuluka m'dziko, malamulo a ntchito ndi milandu ya upandu. Mukapeza mpata wolankhula naye loyayo, mufunseni za Palermo Protocol, pangano la United Nations la chaka cha 2000 lomwe mayiko ambiri anatengerako malamulo awo. Wodziwa akuuzani osaganiza kawiri kuti mlanduwu uli ndi mbali zitatu: chochita, monga kulemba munthu ntchito, kumunyamula kapena kumusunga, njira, monga kumuopseza, kumunamiza kapena kupezerapo mwayi pa kusowa kwake pogwira, ndi cholinga, chomwe ndi kumudyera masuku pamutu. Akuuzaninso kuti kwa mwana wosakwana zaka 18 mbali ya njira ija siifunika n'komwe, olo mwanayo atati anavomera yekha. Ndipo sangasokoneze nkhaniyi ndi ya munthu amene walipira yekha kuti amudutsitse malire mozemba, chifukwa munthu atha kugulitsidwa osatuluka n'komwe m'dziko lake. Membala wa bodi amene izi sakuzidziwa si kuti ndi woipa, koma akakhala kuti ndi iyeyo amene onse amadalira pa zamalamulo, pamenepo pavuta.

Apa ndi pomwe mabodi ambiri amandikhumudwitsa. Mumapeza anthu onse maganizo awo ali pa uhule wokakamiza basi, ngati kuti nkhani yonse ndi imeneyo. Chiwerengero chomwe ILO (bungwe la United Nations loona za ntchito), Walk Free (bungwe lolimbana ndi ukapolo wamakono) ndi IOM (bungwe la United Nations loona za anthu osamuka) anatulutsa mu 2022 chimati mu 2021 anthu 27.6 miliyoni anali pa ntchito yokakamizidwa, ndipo mwa amenewa 6.3 miliyoni ndi omwe ankagwiritsidwa ntchito zogonana pofuna ndalama, pomwe 17.3 miliyoni anali m'ntchito wamba za makampani ndi anthu, ku minda, m'mafakitale, pa zomangamanga, m'nyumba za anthu, m'maboti a nsomba. Nde ngati bungwe likuti limalimbana ndi kuzembetsa anthu konse koma mu bodi mulibe olo munthu mmodzi amene anagwirapo ntchito yoyendera malo a ntchito, kapena wa mabungwe a apantchito, kapena wodziwa mmene ma ejenti olemba anthu ntchito zakunja amapangira ngongole yosatha ija, yoti tiketi, viza, malo ogona zonse azikudula pa malipiro mpaka kalekale, ndiye kuti mbali yaikulu ya vutoli sakuiona. Munthu wotere CV yake siiwala ngati ya pulofesa, koma ndi amene angaone kontilakiti n'kudziwa pompo kuti apa pali msampha.

Wapolisi wopuma kapena woimira boma pa milandu ndi wofunika, sindikukana, amadziwa umboni umasonkhanitsidwa bwanji ndipo amadziwa khomo loti agogode. Chongoti onetsetsani kuti sali yekha. Anthu amene moyo wawo wonse akhala akugwira zigawenga amakonda ntchito yothyola chitseko ndi kupulumutsa, zomwe zimaoneka bwino pa vidiyo ndipo opereka ndalama amazikonda zedi, koma funso ndi loti mawa lake munthu wapulumutsidwayo agona kuti, ndipo ndani anamufunsa ngati akufuna kubwerera kwawo komwe mwina amene anamugulitsa ndi wachibale. Mu 2007 bungwe la GAATW, mgwirizano wa mabungwe olimbana ndi kuzembetsa amayi, linatulutsa lipoti lotchedwa Collateral Damage lomwe linaonetsa kuti m'mayiko angapo njira zolimbana ndi mchitidwewu zinkapweteka anthu omwewo amene amati akuwateteza, ena kutsekeredwa, ena kuthamangitsidwa m'dziko. Choncho pafupi ndi wapolisi uja payenera kukhala munthu wa zachisamaliro cha anthu kapena katswiri wa zamaganizo, amene anakhalapo pansi ndi munthu wosweka mtima kwa miyezi, wodziwa kuti wopulumuka atha kusintha nkhani yake katatu osati chifukwa ndi wabodza koma chifukwa cha mantha, ndiponso kuti sayenera kulangidwa pa zolakwa zomwe anachita mokakamizidwa. Awiriwa azitsutsana pa mitingi, ndi momwe ziyenera kukhalira.

Msungichuma akhale akauntanti weniweni, osati munthu woti anangomusankha poti ndi wolemera. Azitha kuwerenga lipoti la ma odita, azidziwa kusiyanitsa ndalama yomwe wopereka anati ndi ya nyumba ya opulumuka yokha ndi ndalama yoyendetsera ofesi, ndipo asamasainire yekha cheke. Mukaona munthu wa ku banki mu bodi funsani kuti anali mbali iti, chifukwa amene anali kotsatsa malonda ndi amene anali kofufuza ndalama zobedwa ndi anthu awiri osiyana kwambiri pa ntchito iyi. ILO inati mu 2024 phindu losaloledwa lochokera ku ntchito yokakamiza limafika madola 236 biliyoni pa chaka, ndalama zimenezo zimadutsa m'ma akaunti, nde wodziwa kutsata mapazi a ndalama ndi wamtengo wapatali.

Tsopano opulumuka eni ake. Masiku ano mabungwe ambiri amalemba kuti mu bodi yathu muli munthu amene anadutsamo, ndipo ndi zoyenera, ku America lamulo la 2015 linakhazikitsa khonsolo yolangiza boma pa nkhaniyi yomwe mamembala ake ndi opulumuka. Koma musangokhutira ndi chithunzi. Fufuzani ngati munthuyo ali ndi voti yofanana ndi ena kapena anangomuika mu kakomiti kolangiza komwe palibe amakamvera. Ali yekha pakati pa madokotala ndi maloya khumi, kapena alipo awiri atatu oti n'kulimbitsana mtima? Amamubwezera ndalama ya mayendedwe ndi nthawi yake? Chifukwa enawo ali ndi malipiro kwina, iyeyo mwina tsiku la mitingi ndi tsiku lomwe sanagwire ntchito. Ndipo chachikulu, amamuitana kuti adzanene maganizo pa bajeti ndi mapulani, kapena amangomukumbukira pa phwando losonkhetsa ndalama kuti afotokozenso zowawa zake anthu alire atulutse ma cheke? Ambiri mwa opulumukawa pano ndi anamwino, aphunzitsi, ochita bizinesi, ofufuza, ndiye mbiri yawo pa webusayiti iyenera kunena zimenezo, ndipo ngati munthu sakufuna kuti dziko lonse lidziwe zomwe anadutsamo ndi ufulu wake, kusaona mawu oti wopulumuka pa tsamba sikutanthauza kuti mulibe. Funsani mwaulemu, osakakamiza dzina.

Payeneranso kukhala membala mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti anthu othandizidwa sakuchitidwa nkhanza ndi ogwira ntchito a bungwe lomwelo. Nkhani ya bungwe lalikulu lothandiza osauka la Oxfam, yomwe inaphulika mu 2018 pa zachiwerewere zomwe ena mwa ogwira ntchito ake anachita ku Haiti mu 2011, inatsegula anthu maso kuti ukulu wa dzina siuteteza munthu. Pa bungwe losunga atsikana ndi ana omwe anazunzidwa kale, izi si zokambirana. Wogwira ntchito akaona zoipa ayenera kudziwa nambala ya membala ameneyo osadutsira kwa bwana wake.

Za intaneti ndingonena mwachidule. Anthu ambiri pano akukodwa ndi zotsatsa ntchito zabodza pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inati mu 2023 anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia mwina anali kusungidwa m'malo owakakamiza kubera anthu pa intaneti. Munthu wa makompyuta mu bodi amathandiza apo, komanso amateteza mafayilo a opulumuka, poti mndandanda wa mayina ndi komwe akubisala ukatuluka ndi moyo wa munthu umenewo.

Funso lachiwiri lija, loti ndani anganene kuti ayi, ndi lovuta kuliona pa CV koma zizindikiro zilipo. Somaly Mam Foundation, bungwe lomwe linatchedwa dzina la mayi wa ku Cambodia wolimbana ndi kugulitsa atsikana, inali ndi anthu otchuka ambiri oiikira kumbuyo, koma mu May 2014 magazini ya Newsweek itafalitsa nkhani yokayikira mbali zina za mbiri ya Somaly Mam komanso za atsikana ena omwe ankaonetsedwa kwa opereka ndalama, iye anatula pansi udindo, ndipo bungwelo linatseka chaka chomwecho, ngakhale Somaly Mam ananenetsa kuti sananame. Chomwe mukusaka ndi munthu wa ntchito yozolowera kufunsa kuti umboni uli kuti, kaya ndi mtolankhani, kaya wofufuza, kaya odita, amene akamva kuti tapulumutsa anthu mazanamazana afunse kuti tawerenga bwanji, ndipo patatha chaka ali kuti anthuwo. Onaninso ngati wapampando wa bodi ndi yemweyo woyambitsa bungwe, ngati mayina a makolo akubwerezabwereza, ngati onse ndi a mpingo umodzi kapena anaphunzira limodzi, ngati anthu omwewo akhalapo chiyambire opanda malire a zaka. Anzako a pamtima ndi ovuta kuwafunsa za risiti.

Palinso za kudya mbali ziwiri. Mwini kampani yotumiza anthu kukagwira ntchito kunja, kapena bwana wa kampani yomwe katundu wake amachokera ku minda yomwe bungwelo likuifufuza, atha kukhala munthu wabwinobwino ndipo nzeru zake n'zothandiza, koma kumusiya avote pa nkhani yokhudza bizinesi yake ndi kupatsa fisi ntchito yolondera mbuzi. Bodi yolongosoka imakhala ndi kaundula yemwe aliyense amalembamo mabizinesi ake chaka ndi chaka, ndipo nkhani yake ikafika amatuluka panja.

Zonsezi mumazipeza kuti? Yambani ndi lipoti la pachaka ndi la ma odita, osati tsamba la zithunzi lija. Ngati bungwe ndi la ku America, fomu yotchedwa Form 990 imaonetsa mayina a bodi ndi malipiro a akuluakulu ndipo aliyense atha kuiona. La ku England kapena Wales mulipeza pa kaundula wa Charity Commission, ofesi ya boma yoyang'anira mabungwe achifundo, mayina a ma trustee (mamembala a bodi) ndi ma akaunti zili pomwepo. Mayiko ena ali ndi ofesi yawo yolembetsa mabungwe, funsani kumeneko. Fananitsani zomwe webusayiti ikunena ndi zomwe munthuyo analemba yekha pa LinkedIn, pena mumapeza kuti katswiri wa zaufulu wa anthu uja anangopitako ku semina. Kenako lembani imelo mufunse kuti bodi inakumana kangati chaka chatha, ndani amayang'ana za chitetezo cha othandizidwa, ndipo ndani amaunika ntchito ya mkulu wa bungwe. Bungwe labwino limayankha mosavuta.

Ngati ndinu mukumanga bodi, tengani pepala lija la mipata yopanda mayina mulembe chotsatsa chonena luso lomwe mukufuna, osangoimbira anzanu foni. Aliyense, olo atakhala jaji wopuma kapena bishopu, abweretse kalata ya kupolisi yoonetsa kuti alibe mlandu, ndipo muimbire anthu awiri amene anagwira naye ntchito. Bungwe laling'ono silingapeze akatswiri onsewa nthawi imodzi, nde yambani ndi msungichuma, munthu wa zachisamaliro ndi wopulumuka, enawo muziwapempha upangiri mpaka mpando utapezeka, ndipo mu malamulo a bungwe mulembemo kuti mpando ndi wa zaka zingati musanamuitane munthu woyamba.