Kuyeza liwiro la fotosinthesisi (kupanga chakudya kwa zomera pogwiritsa ntchito kuwala) pa chomera cha m'madzi

Tengani nthambi ya Ceratophyllum, yomwe imamera m'nyanja ya Chilwa, yotalika masentimita 10. Iduleni mopendeketsa ili m'madzi, kodulako kuloze kumwamba. Sungunulani magalamu 5 a soda wophikira therere m'lita imodzi ya madzi, ndipo ikani nthambiyo m'madziwo kuti chomeracho chipeze mpweya wa kaboni dayokosaidi wokwanira.

Tsekani makatani, ikani babu loyaka pa masentimita 10 kuchokera pa chomeracho, dikirani mphindi 5, kenako werengani timathovu ta okosijeni totuluka kodulako pa mphindi imodzi; kuchuluka kwa timathovuto ndiko kumasonyeza liwiro la fotosinthesisi. Bwerezani pa masentimita 20 ndi 40. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Chosokoneza kwambiri n'kutentha. Babu la mtundu wakale limafunditsa madzi, ndiye simudziwanso ngati thovu lachuluka chifukwa cha kuwala kapena kutenthako. La LED ndilo labwino chifukwa silitentha kwambiri. M'mwezi wa June madzi a ku Zomba amazizira, choncho afunditseni afike madigiri 25. Thovu likasiya kutuluka, dulaninso nsongayo.