Kaisendedwe ka nambala yaikulu popanda kalikyuleta

Nambala ikatalika ngati ya foni anthu ambiri amangoti aa izi nza aphunzitsi a masamu, koma ayi ndithu, ingofunika kudziwa poigwira. Tiyeni titenge 17,563,749, ndiwo anthu amene anapezeka m'Malawi muno pa kalembera wa 2018, tione manambala amene angalowemo osatsala kanthu.

Yambani kumchira. Yathera ndi 9, ndiye kuti ndi odd, 2 salowamo. 5 nayenso ayi poti iye amafuna mchira wa 0 kapena 5. Zimenezo zatha.

Kenako phatikizani timanambala tonseto, 1+7+5+6+3+7+4+9, mupeza 42. Mu 42 muja 3 akulowa ka 14 osatsala kanthu, basi ndiye kuti mu chinambala chonsecho akulowanso, ka 5,854,583. Apa mwadziwiratu kuti si prime, paja prime imagawika ndi 1 ndi iyo yokha. Koma 9 mu 42 akusiya 6, ndiye salowa. Ndipo pomwepa pali kenakake kaulere, nambala yoti 3 akulowa koma 9 akukanika singakhale square (nambala yotuluka mukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, ngati 25 wochokera pa 5 kuchulukitsa ndi 5) olo mutani, chifukwa mu square 3 akalowa amalowa kawiri.

Pa 7 ndi pamene anthu amatuluka thukuta. Mphwanga wa Fomu 2 ndinamupeza madzulo ena pakhonde, magetsi atathima, akugawa ndi 7 mpaka pepala kuda mbali zonse uku udzudzu wa kunyanja ukumudya miyendo, ndinamuuza kuti iwe tasiya kaye, makoma (,) a mu nambala aja sanawaikire kukongoletsa. Idule pa makomawo: 17, 563, 749. Yambira kumanja, chotsa kenako phatikiza, mosinthanasinthana. 749 kuchotsa 563 ndi 186, kuphatikiza 17 ndi 203. Tsopano m'malo molimbana ndi mamiliyoni ukulimbana ndi ka 203. Ndipo 7 kuchulukitsa ndi 29 ndi 203 ndendende, ndiye 7 akulowa! 11 akusiya 5, 13 akusiya 8, awiriwa salowa. Zimatheka chifukwa 7, 11 ndi 13 ukawachulukitsa amapereka 1,001, yomwe yangoposa 1,000 ndi 1 yekha. Kwa ine njira iyi ndiye shasha, imayesa manambala atatu ulendo umodzi.

Poti 3 ndi 7 onse alowa, 21 akulowanso. Amalawi onse a 2018 akanaima m'magulu a anthu 21 pakanatuluka magulu 836,369 osatsala olo khanda.

Yesani nokha ya kwathu kuno, boma la Mangochi linapezeka ndi anthu 1,148,611 pa kalembera yemweyo. Kuphatikiza kukupatsani 22, kudula pa makoma kukupatsani 464, muona kuti 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 onse akukana. Koma chonde osathamangira kulengeza pa gulupu kuti ndi prime, muyenera kuyesa ma prime onse osapitirira 1,071 poti square root yake, nambala yoti mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeze 1,148,611, ili pakati pa 1,071 ndi 1,072. Apo pokha tchajani foni.