Yang'anani muvi musanamange valavu pa paipi

Ndikamayendera alimi a mthirira ndi amisiri a mipope kuno ku Mzuzu, kaya ku Luwinga kaya m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa, funso limodzi silisowa: kodi valavu ya chogwirira chimodzi ija, imene m'masitolo amaitchula kuti ball valve, ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo?

M'kati mwake muli kampira kobooledwa pakati. Chogwirira chikagona motsata paipi, madzi akudutsa. Mukachipinda madigiri 90 n'kupingasa paipi, mwatseka. Mavalavu ambiri otere amalola madzi kulowera mbali iliyonse, choncho ikakhala yopanda chizindikiro musavutike mtima.

Koma musanapake guluu kapena kukulunga tepi, itembenuzeni m'manja muione bwinobwino. Ina imakhala ndi muvi pathupi pake, ndipo muviwo uyenera kuloza kumene madzi akupita. Zotere n'zimene kampira kake kali ndi kabowo kena kakang'ono kotulutsira mphamvu yotsekeredwa m'kati, kapena zimene bowo lake analidula ngati chilembo cha V. Mukaizondotsa, chogwirira chizitembenuka ndithu koma valavu siigwira ntchito yake moyenera. Valavu ya makomo atatu, yolumikiza mapaipi atatu, nayo musaimange mongoganizira. Pamutu pa kamtengo kake kolumikiza chogwirira ndi kampira pamakhala mizere yosonyeza njira ya madzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kakhazikidwe. Pa paipi yogona, chogwirira chikhale pamwamba. Malo akachepa, chikhale chammbali. Pansi ayi. Ndinapeza bambo wina atamanga valavu pansi pa thanki chogwirira chitaloza m'nthaka, ati ana asamachiseweretse. Madzi ake anali a mumtsinje, ofiira ndi dothi la m'dzinja. Mchenga wonse unkakhazikika pomwe kamtengo kamalowera m'thupi la valavu, n'kumadya zotsekera pang'onopang'ono. Titafika, pansi panali chithaphwi, chogwirira chili gwa, ndipo pochitembenuza tinkamva mchenga ukulira kuti kwetekwete. Mvula ya kuno imakhalitsa, ndiye madzi a matope tili nawo miyezi yambiri. Pa paipi yoimirira valavu imakhala bwino, bola chogwirira chisagunde khoma pozungulira.

Tsukani paipi ndi madzi musanamange, zinyenyeswa zituluke. Pomanga ya mazinga, sipanala igwire mbali ya valavu imene ili pafupi ndi paipi mukulowetsayo, apo ayi thupi lake limamasuka pakati. Ya PVC, guluu asadonthere pa kampira.

Ndipo chonde, musamaisiye yotsekula theka kuti muchepetse madzi opita m'munda. Madzi othamangira pa mpata wochepa amapala mphete zofewa zimene kampira kamatsamira, valavu n'kuyamba kudontha ngakhale yotseka. Potseka, makamaka pampu ikamayenda, pindani chogwirira pang'onopang'ono. Mukatseka mwadzidzidzi madzi amamenya paipi mpaka mfundo kuthetheka.