Topic ya ma gas ija, yesani izi kunyumba m'malo mongoloweza

Anzanga a Fomu 3 ndi 4 amene mukukonzekera MSCE, vuto la topic imeneyi ndi loti timathamangira ma formula tisanaone chomwe chikuchitika. Mpweya ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ma molecule, timangothamanga mbali zonse osapuma, pafupifupi mamita 500 pa sekondi mumpweya wa mchipinda mwanumo, ndipo pakati pa kena ndi kanzake pali mpata waukulu heve. Tikamagunda khoma la chomwe tatsekeredwamo, kugundako ndiye pressure. Basi.

Pezani jekeseni wa 20 ml ku pharmacy, singano musaikepo. Kokani mpaka pa 20, tsekani kukamwa kwake ndi chala mwamphamvu kenako kankhani pang'onopang'ono kuti mpweyawo usatenthe. Kufika pa 15 ndi zophweka, koma mukamayandikira pa 10 chala chiyamba kuwawa ndipo mukangosiya jekeseniyo abwerera yekha. Ma molecule ndi omwewo koma malo achepa ndi theka, nde akugunda khoma kawiri kuposa poyamba, pressure nayo yakwera kawiri. Ndi zomwe Robert Boyle anasindikiza mu 1662, P1V1 = P2V2 ija (P ndi pressure, V ndi volume kapena kuti kukula kwa malo). Kenako dzadzani madzi mujekeseniyo muyesenso, sasuntha olo pang'ono poti ma molecule a madzi ndi othinana kale.

Chachiwiri, botolo lapulasitiki lopanda kanthu liikeni padzuwa la Okutobala kanthawi, mutseke zolimba lili lotentha choncho mukaliponye mu freezer, ngati magetsi alipo kumene. Mukadzalitulutsa mupeza lakwinyika. Apa ndi pomwe ambiri amataya malikisi, amalemba kuti ma molecule achepa size, ayi ndithu, angochepetsa liwiro chifukwa cha kuzizira nde akugunda mofooka ndipo mpweya wakunja ukulikankhira botololo mkati.

Pa masamu pake chinthu chimodzi musaiwale, temperature izikhala mu kelvin, kungowonjezera 273 pa Celsius. Tiyerekeze mwapopa tayala 2.2 bar (bar ndi muyezo wa pressure) mmawa kuli 20°C, mwauyamba wa M1 kupita ku Dedza, tayala latentha kufika 50°C. Geji imangoonetsa pressure yomwe yaposa ya mpweya wakunja, ndipo ku Lilongwe kuno poti tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, yakunjayo ndi pafupifupi 0.9 bar, nde yeniyeni mutayalamo ndi 3.1. Poti pressure imakwera mofanana ndi temperature ya mu kelvin, chulukitsani 3.1 ndi 323 (50°C mu kelvin), mugawe ndi 293 (20°C mu kelvin), mupeza 3.4, chotsanipo 0.9 uja, geji iwerenga 2.5. Mukanati mugwiritse ntchito 50 ndi 20 osasintha mukanapeza 7.75 bar, yankho loti olo kondakitala wa minibasi angakusekeni.

Nchifukwa chake matayala amayezedwa mmawa galimoto isanayende. Ndipo mukaona wina pa filling station masana akuphwetsa tayala lotentha kuti lakwera kwambiri, muuzeni asiye, likazizira usiku likhala lofewa kuposa mmene analipopera ndipo tayala lofewa ndi lomwe limatentha msanga pamsewu.