Kavalidwe ka fly plaid pamwamba pa kilt, kwa amene mukukonzekera ukwati ku Scotland

Abale amene muli ku Glasgow, Edinburgh kapena Aberdeen mukudziwa kale kuti ukwati wa kuno mwamuna amatchena kilt, chovala chonga siketi cha amuna a ku Scotland, ndipo mkwati nthawi zambiri amawonjezera nsalu ina imene imalendewera kuchokera paphewa la kumanzere kutsikira kumsana, imeneyo ndiye fly plaid. Ine ndinayamba kuiphunzira nditapemphedwa kuthandiza mnzanga kuvala m'mawa wa ukwati wake, ndipo ndikuuzeni, kansalu kameneka kamaoneka kophweka koma kakapendekeka chovala chonse chimaoneka ngati mwangodziponyera bulangete paphewa.

Kuti mumvetse bwino, kale anthu a ku Highlands, dera la mapiri la kumpoto kwa Scotland, ankavala nsalu imodzi yaitali kwambiri yotchedwa féileadh mòr, kumunsi amaimanga ndi lamba m'chiuno, yotsala kumtunda amaiponya paphewa kapena kufunda kukazizira. Kenako mbali ya kumunsi inadzakhala payokha, ndiye kilt ya lero ija. Boma la Britain linaletsa zovala zimenezi mu 1746 ndipo lamulolo linachotsedwa mu 1782, n'chifukwa chake eni ake amazilemekeza kwambiri mpaka pano. Fly plaid ndi chikumbutso cha mbali ya kumtunda ija, ndiye iyenera kukhala ya tartan (mizere yamitundu yopingasana ya pansalu) yofanana ndendende ndi kilt yanu, musasakanize mitundu ayi.

Yambani mwamaliza zonse kaye. Kilt ikhale m'malo mwake, zopindapinda kumbuyo, mbali yosalala kutsogolo, mphonje kudzanja lamanja, kutalika kwake kufika pakati pa bondo. Sporran (kachikwama kolendewera kutsogolo kwa kilt), sokosi, nsapato, jekete zonse zivalidwe. Plaid imabwera pomaliza penipeni.

Mukaitambasula muona kuti ndi nsalu ya makona anayi yokhala ndi mphonje m'mbali, ndipo zambiri zimabwera kona imodzi atapindapinda kale ndi kusoka kuti ikhale yothina. Kona imeneyo ndi imene imapita paphewa. Ngati yanu ilibe, gwirani kona imodzi n'kuipinda pang'onopang'ono ndi zala ngati mmene amayi amasonkhanitsira nsonga ya chitenje asanamange, mizere ya tartan ikhale yolondolozana.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Jekete ya Prince Charlie kapena ya Argyll imakhala ndi kalamba paphewa, ndiye kona yopindidwa ija muilowetse pansi pa kalamba ka kumanzere kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, muikoke mpaka itsike pang'ono pachifuwa, pafupifupi utali wa chikhatho chanu kapena kupitirira pang'ono. Kalamba kameneka ndi kamene kamanyamula kulemera kwa nsalu, chifukwa ubweya wa nkhosa ndi wolemera ndithu, ndipo mukadalira chipini cha brooch chokha nsalu imakokera kumbuyo, jekete n'kumakwinyika pakhosi, inu n'kumangoikonza tsiku lonse m'malo mosangalala. Mnzanga uja tinayamba taika pamwamba pa kalamba, tisanafike n'komwe pagalimoto kolala ya jekete inali itapotoka kale, tinachita kubwerera m'nyumba kukayambiranso.

Mukatero ndiye tengani brooch, chipini chachikulu chozungulira chija chimene nthawi zambiri chimakhala ndi mwala pakati kapena chizindikiro cha thistle, duwa la minga loimira dziko la Scotland, mubaye pa plaid kutsogolo kwa phewa, m'munsi pang'ono mwa kalamba. Ena amabaya nsalu yokha, ena amabaya pamodzi ndi jekete kuti isasunthe. Ine ndimakonda kubaya zonse ziwiri, koma ngati jekete ndi yahayala funsani kaye kumene mwaitenga chifukwa pini yake ndi yokhuthala imatha kusiya bowo. Kapini kakang'ono kobisika kunsi kwa nsalu kamathandizanso, palibe amene angakaone.

Apa mufunika munthu wina ayime kumbuyo kwanu, pagalasi nokha simungaone bwino. Ayalule nsaluyo kuti igwe momasuka kumsana, isapiringizike, mphonje zake zithere cha kumbuyo kwa bondo kapena pafupi ndi pamene kilt yathera. Ikatsika kwambiri kokerani pang'ono kutsogolo kenako mubayenso. Ngati inali yopindidwa m'chikwama muipachike usiku wonse makwinya achoke, osaisita ndi moto wambiri chifukwa ubweya umawala n'kuwonongeka.

Musaisokoneze ndi ija amavala oimba ma bagpipe, zitoliro za thumba za ku Scotland, ija ndi yaitali kwambiri, imazungulira pachifuwa kudutsa kunsi kwa mkono wamanja n'kukwera paphewa la kumanzere, kavalidwe kake ndi kena.

Fly plaid ndi ya zochitika zaulemu, ukwati, chakudya cha Burns Night chokumbukira mlakatuli Robert Burns pa 25 January, kapena St Andrew's Day pa 30 November. Ngati ndinu mlendo chabe paukwati, ndi bwino kumusiyira mkwati kuti iye aoneke yekha, pokhapokha eni ukwati atanena kuti nonse muvale. Pokhala pampando ikokereni pambali kaye musaikhalire, chifukwa ikakoka mwadzidzidzi imatha kung'amba jekete pamene pali pini. Ndipo ceilidh, magule achikhalidwe a ku Scotland, ikayamba, pa gule wa Strip the Willow anthu akuzungulirana mothamanga, ivuleni muipinde bwino pampando, brooch muike mu sporran.