Momwe mungasankhire zida zoumbira timiyala ta mtovu ta pa ukonde

Mukafika ku doko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, m'mawa mupeza kuti maukonde ambiri amawalemeretsa ndi miyala yotola kapena zidutswa za njerwa. Zimagwira ntchito ndithu, koma mwala wina ukalemera kuposa unzake ukonde umapendekeka m'madzi, mbali ina n'kumira m'matope, ina n'kutukuka, ndipo milamba imadutsira pansi. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, pansi pake ndi thope, choncho kusiyana pang'ono kwa kulemera kumaonekera msanga. N'chifukwa chake ena amaumba okha timiyala ta mtovu. Ngati mukufuna kuyamba, ndalama yanu ipite kaye ku chikombole ndi sikelo. Zinazo mukhoza kuzipeza motchipa.

1. Yambani ndi kulemera kumene mukufuna

Musanagule chilichonse, dziwani kuti kamwala kamodzi kazilemera magalamu angati. Mtovu ndi wolemera kwambiri: kachidutswa ka sentimita imodzi mbali zonse kamakwana magalamu 11.3. Bowo la m'chikombole la mamilimita 10 m'mimba mwake, lakuya mamilimita 20, limatulutsa kamwala ka magalamu pafupifupi 18, ndipo mukaika msomali wa mamilimita 3 pakati kuti pakhale njira ya chingwe katsala pafupifupi 16. Kuwerengera kotere n'kumene mukamuuze mmisiri wokupangirani chikombole.

2. Chikombole

Apa m'pamene pagona nkhani. Chikombole chabwino chimakhala cha mbali ziwiri zotsekana bwinobwino, cha aluminiyamu kapena chitsulo, ndi zogwirira zamtengo. Chaaluminiyamu chimatentha msanga ndipo dzanja silitopa nacho. Chachitsulo chimachedwa kutentha koma chimasunga kutenthako, ndipo chimalimba zaka zambiri mukamachiteteza ku dzimbiri. Zopangidwa kale, monga za kampani ya Do-It ya ku America, zimadula chifukwa choitanitsa. Mmisiri wodziwa kuboola zitsulo angakupangireni: amangirire zidutswa ziwiri pamodzi, aboole pamene zakumanirana, n'kuika tizikhomo tiwiri toti mbalizo zizibwerera pamalo amodzi nthawi zonse.

Pochilandira, chitsekeni n'kuchiloza ku dzuwa. Kuwala kukamadutsa pakati, mtovu nawo udzadutsa, ndipo kamwala kalikonse kadzatuluka ndi zipsepse zakuthwa zodula ulusi wa ukonde. Chibwezeni akachikonze.

Zikombole za dongo kapena za thabwa ine sindikulimbikitsani. Zimasunga chinyezi, ndipo madzi akakhala pansi pa mtovu wosungunuka amasanduka nthunzi mwadzidzidzi n'kuwaza mtovuwo kumaso. Dontho limodzi ndi lokwanira kuchotsa munthu diso.

3. Mphika, chotungira ndi moto

Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, kutentha kumene mbaula ya makala imafikako mosavuta. Pezani kamphika kachitsulo kochindikala, kokhazikika bwino pa mbaula, ndi chotungira chachitsulo cha mlomo wosongoka. Poto wa aluminiyamu wophikira ndiwo ayi. Amafewa akatentha kwambiri, ndipo mtovu ndi wolemera. Chilichonse chimene chakhudza mtovu chisabwererenso kukhitchini, ngakhale mutachikwecha ndi mchenga.

4. Mtovu weniweniwo

Okonza matayala amakhala ndi tizitsulo takale tolinganizira mawilo, koma si tonse ta mtovu. Tolembedwa Fe ndi chitsulo, tolembedwa Zn ndi zinki. Tapanani ndi pulayala: mtovu umadindika, zinki imakana. Zinki imasungunuka pa madigiri 420, ndiye moto ukachuluka imalowa mu mtovu n'kuupangitsa kukhala ngati phala la mabulu, losadzaza chikombole. Mabatire akale a galimoto musawaswe. Muli asidi ndi fumbi la mtovu limene limatsalira m'dothi la pakhomo, pomwe ana amaseweretsa manja.

5. Zopaka

Kuti kamwala kasamamatire, chikombole chimafuna mwaye. Yatsani kandulo, dutsitsani mabowo pamwamba pa lawi mpaka ade. Mafuta asalowe m'mabowomo, chifukwa amasiya makwinya ndi timayenje. Kadontho ka oyilo kapite pa tizikhomo ndi polumikizira pokha, ndipo msomali wapakati muudetsenso ndi mwaye kuti uzisolola mosavuta. Kachidutswa ka kandulo kapena utuchi wouma mukaponya mumphika n'kutakasa, zinyalala zimayandama n'kuziwengula. Kandulo imatha kuyaka, choncho nkhope ikhale patali.

6. Sikelo ndi tupa

Kasikelo ka batire koyeza mpaka galamu imodzi n'kokwanira. Chikombole chitenthetseni kaye pambali pa mbaula. Ngakhale mutatero, timiyala toyamba timatuluka tamakwinya, tibwezereni mumphika titauma. Tikazizira tokha, yezani kamodzikamodzi. Kopepuka kuposa anzake kali ndi mphako mkati, kasungunulidwenso. Dulani kamchira kotsala pothirira mtovu ndi pulayala, salazani m'mphepete mwa bowo la chingwe ndi tupa, ndipo tizidutswa togwa tigwere m'chitini, osati pansi.

7. Thupi lanu ndi la ana

Gwirirani panja, mphepo ikuchokera kumsana, tsiku lopanda mvula. Ku Zomba kuno mitambo imatha kutsika m'phiri mosayembekezeka, ndiye mukaona kwachita mdima phulani. Valani magalasi, magolovesi achikopa, nsapato zotseka ndi zovala za thonje, pakuti nayiloni imasungunukira pakhungu. Osadya kapena kusuta muli pantchito. Sambani ndi sopo, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo umaononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono ndi mwana wosabadwa. Mayi woyembekezera asayandikire.

Musaumbe timiyala tating'ono ngati nandolo. Chilwa inalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zake zam'madzi, ndipo abakha amameza tizidutswa totere poyesa ndi timiyala togayira chakudya, n'kufa. Umbani tokulirapo, tolowetsa chingwe pakati, toti sitingapulumuke ukonde ukakodwa m'mabango.